Anafunsidwa Liti? Mbili ya Kariba ndi Anthu a m'Cigwa ca Gwembe

Caka ca 2024 cinatiphunzitsa zinthu zimene kusukulu tinali kungoloweza kuti tiphase mayeso. Mvula inakana, cimanga cinapselela m'minda, ndipo kumapeto kwa February boma linalengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi m'nyanja ya Kariba anatsika kwambili, makina opanga malaiti n'kuyamba kuima. M'makomboni a mu Lusaka, ku Kitwe, ku Chipata ndi kwina, malaiti anali kuzima mpaka maola 21 pa tsiku. Ometa tsitsi anatseka. Owochelela zitsulo anali kugona masana n'kudzuka pakati pa usiku kuti agwileko nchito pa maola ocepa amene malaiti abwela. Ogulitsa nkhuku ndi nsomba za mufiliji anataya katundu. Thumba la malasha linakwela mtengo, ndipo ana a giledi 12 anali kuwelenga ndi tochi ya foni, foniyo n'kuthanso moto.

Kucokela nthawi imeneyo aliyense ali ndi yankho. M'minibasi, pa kantemba, pa WhatsApp, mau ndi amodzimodzi: mangani sola, mangani madamu ena, kokani mawaya kucokela ku maiko ena, ndipo citani msanga. Zimenezi n'zoona, malaiti tiwafuna. Koma mau akuti "msanga" ali ndi mbili yake m'dziko muno. Pansi pa nyanja imene tonse tinali kuiyang'anila caka cija pali midzi, minda ndi manda a anthu pafupifupi 57,000 amene anacotsedwa kuti damu limangidwe. Anthu amenewa anauzidwa za damu zonse zitagamulidwa kale. Nkhani yao ndiyo ingatithandize kudziwa zoyenela kufunsa pamene mapanelo a sola ndi mapolo atsopano ayamba kufika m'midzi.

Mtsinje usanatsekedwe

Cigwa ca Gwembe ndi dela lotentha, la mvula yocepa, lotsika kucokela ku mapili a kum'mawa kwa Choma ndi Monze kufikila ku Zambezi. Atonga a m'cigwamo anali kukhala mbali zonse ziwili za mtsinje. Pa mapu Zambezi anali malile a Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, koma kwa iwo anali njila. Munthu anali kuoloka pa bwato kukakwatila, kukalila malilo, kukaona amalume, madzulo n'kubwelela.

Cuma cao cacikulu cinali dothi la m'mbali mwa mtsinje. Caka ciliconse Zambezi anali kusefukila n'kusiya matope a conde. Madzi akabwelela, anthu anali kubyala cimanga, maungu, nyemba ndi fodya m'minda ya m'gombe imene m'Citonga amaicha jelele. Nthawi ya mvula anali kulimanso mapila ndi mawele kumtunda. Conco banja linali kukolola kawili pa caka, ndipo mvula ikakana, munda wa kumtsinje unali kuwapulumutsa. Minda yabwino imeneyi inali colowa, ndipo akazi ambili anali ndi yaoyao.

Sitinganame kuti moyo unali wofewa. Njala inali kufika, zipatala ndi masukulu zinali zocepa, misewu inali yovuta, ndipo amuna ambili anali kupita kukagwila nchito ku Bulawayo ndi ku migodi. Koma anthu anali kulidziwa dela lao: dothi liti libala ciani, mizu iti ya m'thengo idyedwa pa njala ndipo iti ipha. Dela lililonse linali ndi malende, malo opatulika opemphelako mvula, ndiponso sikatongo, munthu woyang'anila miyambo ya kubyala ndi kukolola. Nzelu zotele sizinyamulika pa lole, cifukwa zimamela pamalo.

Nkhani inathela ku Salisbury

Mu 1953 a Britain anaphatikiza Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland kukhala Federation, imene makolo athu anali kuicha Citaganya. Anthu akuda ambili anaikana, koma inakhazikitsidwabe, likulu lake ku Salisbury, mzinda umene lelo ndi Harare. Nthawi imeneyo mkuwa unali pa mtengo wabwino ndipo migodi ya ku Copperbelt inali ndi njala ya malaiti. Malasha a miyala ocokela ku Wankie sanali kukwana cifukwa njanji inali imodzi, moti migodi inafika podula mitengo ya m'nkhalango kuti isonkhele makina ake. Mafakitale a ku Salisbury ndi Bulawayo naonso anali kufuna mphamvu.

Panali malo awili amene akatswili anali kuyang'ana: Kafue Gorge ndi Kariba. Boma la Northern Rhodesia linali litasankha kale Kafue, damu laling'ono lotha msanga, limene silikanamiza midzi yambili conco. Koma mu March 1955 boma la Citaganya, pansi pa nduna yaikulu Godfrey Huggins, linalengeza kuti lasankha Kariba, ndipo nyumba ya makina idzakhala kutsidya la kum'mwela. Azungu a kuno anakwiya kwambili. Anacita misonkhano, analemba m'manyuzipepala, anadandaula kuti awapondeleza. Anthu amene nyumba zao zinali kudzamila analibe nyuzipepala, analibe voti, ndipo pa mkangano wonsewo palibe anapempha maganizo ao.

Taonani amene anakhala pa thebulo. Panali boma la Citaganya ndi bungwe lake la Federal Power Board. Panali injiniya wa ku France, André Coyne, amene anajambula khoma. Panali kampani ya ku Italy, Impresit, imene inapatsidwa nchito yomanga. Panali makampani a migodi amene anabweleketsa ndalama, ndi World Bank imene mu 1956 inapeleka ngongole ya madola 80 miliyoni, yaikulu kuposa ina iliyonse imene inali itapelekapo. Anawelengela simenti, miyala, madzi ndi ciwongoladzanja. Nchito yosamutsa anthu anaisiyila maboma a maiko awiliwo, monga kanthu kapambali kokonza pambuyo.

Mfundo 24

Ku Northern Rhodesia, ma DC ndi amesenjala ao ndiwo anazungulila midzi kukanena kuti madzi abwela. Ambili sanakhulupilile. Munthu angatseke bwanji Zambezi ndi khoma? Ena anaganiza kuti ndi cinyengo cabe, azungu afuna dothi la m'gombe kuti atsegule mafamu. Kukayika kumeneku sikunali umbuli. Atonga anzao a kumtunda anali atalandidwa kale malo abwino a m'mbali mwa njanji, ndipo a m'cigwa anali kuidziwa bwino nkhaniyo.

Panali bungwe la mafumu ndi makhansala lochedwa Gwembe Tonga Native Authority, mmene munali mafumu monga Mwemba, Sinazongwe, Chipepo ndi Simamba. Mmodzi wa makhansala ake anali Hezekiah Habanyama, mwana wa m'cigwamo amene anapita patali ndi sukulu. Bungweli linaona kuti damu silingaliletse. Conco mu 1955 linapeleka ku boma mfundo 24 zonena mmene kusamuka kuyenela kuyendela. Zina mwa izo zinali zakuti anthu azisankha okha kumene apite ngati n'kotheka, alipilidwe pa zimene ataya, apatsidwe cakudya kufikila atakolola, ndipo nyanja ikadzakhazikika aloledwe kubwelela m'mbali mwake kukalima ndi kupha nsomba. Boma linavomela zambili mwa mfundozi. Kunja kwa cigwa, Harry Mwaanga Nkumbula, mtsogoleli wa African National Congress, anakadandaula mpaka ku London, koma sanamveledwe.

Mfundo 24 zionetsa kuti anthu a ku Gwembe sanali ogona. Anali kudziwa zimene afuna ndipo anatha kuzilemba. Kutsidya, ku Southern Rhodesia, kunalibe kukambilana kotele. Anthu pafupifupi 23,000 a kumeneko anapititsidwa kutali ndi madzi, ndipo zimene analandila zinali zocepa poyelekeza ndi anzao 34,000 a kuno. Ngakhale mau ocedwa ali ndi phindu.

Koma taonani malile a mau ocedwa. Mafumu analoledwa kukamba za malole, cakudya ndi malipilo. Sanaloledwe kukamba ngati damu likhale pa Kariba kapena pa Kafue, kutalika kwa khoma, kapena tsiku lotseka mtsinje. Ndipo zinthu zitatu zimenezi ndizo zinalamula zina zonse. Nchito itayamba kale, akuluakulu anagamula kukweza khoma ndi mamita ena ocepa kuti nyanja isunge madzi ambili. Pa pepala linali phindu la malaiti. M'cigwa zinatanthauza kuti malo ena amene anakonzedwa kuti anthu asamukileko naonso adzamila, ndipo ofunika kusamuka anaculuka. Dothi labwino lotsala linali locepa, lina linali ndi nchenche za tsetse zija zimapha ng'ombe, ndipo kalendala ya omanga sinali kuyembekeza munthu.

Chisamu ndi Lusitu

Vuto linakula kwambili m'dziko la mfumu Chipepo. Kumeneko kunalibe malo okwanila kumtunda, conco boma linagamula kuti anthu pafupifupi 6,000 apite ku Lusitu, kumunsi kwa damu, mtunda wa makilomita oposa 100 kucokela kwao, m'dziko la mfumu ina ndi pakati pa anthu a cilankhulo cina. Lonjezo lija lakuti munthu adzasankha yekha kopita linafela pamenepo. Anthu anakana kukwela malole.

Mu September 1958 Bwanamkubwa wa Northern Rhodesia, Sir Arthur Benson, anapita yekha kumeneko atavala zaulemelelo wake, ali ndi gulu la apolisi. Amuna a m'midzi anasonkhana pa Chisamu atanyamula mikondo, nkhwangwa ndi zibonga. Kukambilana kunalepheleka. Pa 10 September apolisi anaombela. Anthu 8 anafa ndipo oposa 30 anavulala. Pambuyo pake otsala anakwela malole, nyumba zao n'kutenthedwa kuti asabwelele. Mu December caka comweco mtsinje unatsekedwa, madzi n'kuyamba kukwela.

Ku Lusitu anapeza dothi lacilendo ndi madzi osakwanila. Zitsime zina zinali kuuma, zina madzi ake anali oipa. M'miyezi yoyamba ana ndi akazi ambili anamwalila ndi kamwazi ndiponso matenda ena amene madokotala analephela kuwamvetsa. Okalamba anali kudandaula kuti asiya manda a makolo pansi pa madzi, ndipo m'dziko la eni sangapemphe mvula monga kwao. Munda wokolola kawili unasanduka munda woyembekeza mvula cabe, m'dela limene mvula imakana kawilikawili. Anthu ndi ziweto ataculuka pa malo ocepa, dothi linaguga, ndipo lelo dela la Lusitu lidziwika ndi zigwembe zikuluzikulu zokumbidwa ndi madzi.

Pali kanthu kena kamene mabuku a kusukulu sakamba kwambili. Tonse tinaphunzila za Ing'ombe Ilede, malo amene anapezako manda akale okhala ndi mikanda ya golide ndi mitanda ya mkuwa. Malowa anapezeka mu 1960 pamene anchito anali kukumba maziko a thanki ya madzi a anthu amene anasamutsidwila ku Lusitu. Timaloweza za amalonda amene anafa zaka mazana apitawo, koma za amoyo amene thankiyo inali kumangidwila, mayeso safunsa.

Zambili zimene tidziwa pa nkhaniyi zinalembedwa ndi akatswili awili a ku America, Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder. Anafika m'cigwa mu 1956, madzi asanakwele, ndipo anapitiliza kuyendela mabanja omwewo kwa zaka zambili. Buku la Colson la mu 1971, The Social Consequences of Resettlement, limawelengedwa m'mayunivesite a maiko ambili. Mayiyu atakalamba anabwela kudzakhala ku Monze, kumene anamwalila mu 2016.

Mawaya anapita pamwamba

Damu lenilenilo ndi nchito yodabwitsa, ndipo sitiyenela kuicepetsa. Khoma lake ndi lalitali mamita 128. Mu 1957 ndi 1958 kunabwela zigumula zazikulu zimene zinaononga zina mwa zomangidwa, ndipo ena anati ndi mkwiyo wa Nyaminyami, mzimu wa mtsinje. Anchito 86 anafa pomanga, akuda ndi a ku Italy omwe. Ambili mwa anchito akuda anacokela ku Nyasaland, anthu olankhula cilankhulo cathu cino. Mu May 1960 amai ake a Mfumukazi Elizabeth anabwela kudzatsegula damu, ndipo pofika 1963 nyanja inadzala, kuphimba malo oposa masikweya kilomita 5,000.

Pamene madzi anali kukwela, nyama zambili zinatsekeledwa pa tizilumba. Kagulu ka oyang'anila nyama, kotsogoleledwa ndi Rupert Fothergill, kanapulumutsa nyama zoposa 6,000 pa nchito imene inachedwa Operation Noah. Manyuzipepala a ku Ulaya anadzala ndi zithunzi za zipembele ndi agwape, anthu n'kusonkha ndalama. Kupulumutsa nyama sikunali kulakwa. Koma dziko linadziwa zambili za nyamazo kuposa za ana amene anali kuikidwa m'manda ku Lusitu nthawi imodzimodziyo.

Malaiti anayamba kuyenda pa mawaya a mavoti 330,000, kukwela mapili, kupitila pa Leopards Hill pafupi ndi Lusaka, ku Kabwe mpaka ku Kitwe. Waya wa mphamvu yotele sungaukokele m'nyumba. Pafunika sabusiteshoni ndi mathilansifoma otsitsa mphamvu, ndipo zimenezi zimaikidwa kumene okonza mapulani anafuna kuti malaiti atsikile. Palibe anakonza zakuti atsikile m'midzi ya osamutsidwa. Kwa zaka makumi ambili anthu amene anapeleka minda yao anali kuona mawaya pamwamba, iwo akuunikila koloboyi.

Zabwino zina zinabwela, ndipo zambili zinacokela ku mfundo 24 zija. M'zaka zoyamba usodzi wa kutsidya lino unasungidwila anthu a m'cigwa. Nsomba zinali zambili, ndipo mabanja ena anagula ng'ombe, mapulawo ndi njinga, n'kutumiza ana kusukulu. Koma nsomba zitacepa, mwai unacepanso. Kapenta, amene anabweletsedwa kucokela ku nyanja ya Tanganyika ca m'ma 1967, afuna maboti a injini ndi magetsi owala usiku, ndipo ambili okhala ndi ndalama zotele anali ocokela kunja kwa cigwa. Mukagula kapenta wa ku Siavonga pa msika, mukugula nsomba yosambila pamwamba pa minda ya jelele.

Kukonza pambuyo

Ufulu unabwela mu 1964. Zambia inamanga Kafue Gorge, inamanga Itezhi-Tezhi, inamanganso nyumba yake ya makina kutsidya lino la Kariba m'zaka za m'ma 1970. Cigwa cinakhalabe kumbuyo, ndipo nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inasiyamo mabomba okwililidwa m'misewu. Panapita zaka pafupifupi 40 kuti ngongole ya 1958 iyambe kukumbukilidwa. Mu 1997 bungwe la Zambezi River Authority linakhazikitsa thumba lothandiza midzi ya osamutsidwa mbali zonse ziwili. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunayambanso Gwembe Tonga Development Project, yokonza msewu wa Bottom Road, zipatala, masukulu, madzi ndi malaiti. Zina zinamangidwa, zina zinacedwa, mabomba aja naonso anasokoneza nchito. Ambili mwa amene anakwela malole ali akuluakulu anamwalila osaona ciliconse. Madzi akatayika saoleka.

Nkhani ya Gwembe inafika patali. Mu 1998 kunakhazikitsidwa World Commission on Dams, bungwe lofufuza ubwino ndi kuipa kwa madamu akuluakulu, wapampando wake Kader Asmal wa ku South Africa. Scudder anali mmodzi wa mamembala, ndipo Kariba inali limodzi mwa madamu amene anafufuzidwa mozama. Lipoti lao linatulutsidwa ku London mu November 2000, Nelson Mandela ali pomwepo. Linati madamu anasamutsa anthu pakati pa 40 miliyoni ndi 80 miliyoni padziko lonse. Pa mfundo zake zikuluzikulu zisanu ndi ziwili, yoyamba inali yakuti nchito yotele iyambe yavomelezedwa ndi anthu, maka-maka amene idzawakhudza, ndipo iwo akhalepo pamene njila zosiyanasiyana zikali kuyelekezedwa.

Dzuwa ndi mphepo nazo zifuna malo

Wina anganene kuti zimenezo n'za atsamunda ndi madamu, sola ilibe mlandu. Tiyeni tione ku Kenya, dziko limene lili patsogolo pa mphamvu za mphepo. Ku Kinangop kunakonzedwa nchito ya makina a mphepo ya mamegawati 60. Alimi a kumeneko anakangana ndi eni nchito pa za malo, malipilo ndi mantha a matenda. Kunacitika zionetselo, milandu inapita kukhoti, ndipo mu 2016 eni ndalama anaisiya nchitoyo, ndalama zambili zitapita kale. Kumpoto, ku Marsabit, nchito ya Lake Turkana Wind Power inamangidwa ndithu, makina 365 opanga mamegawati 310. Koma abusa a ziweto a m'delalo anasuma, ndipo mu 2021 khoti inagamula kuti malowo anapelekedwa mosatsata lamulo. Mphamvu ingakhale yaukhondo kumwamba, pansi pali mkangano. Ndipo amene amati kufunsa anthu kumacedwetsa nchito aone Kinangop, kumene kusamvana kunaipha. Safunsa anadya phula.

Kuno kwathu nyengo yomanga yafikanso. Mu 2019 minda ya sola ya Bangweulu ndi Ngonye inayamba kugwila nchito kum'mwela kwa Lusaka. Mu 2025 ku Chisamba kunatsegulidwa ina ya mamegawati 100. Pali mapulani a mawaya olumikiza Zambia ndi Tanzania, ndi damu la Batoka Gorge kumunsi kwa Mosi-oa-Tunya. Munda wa sola wa mamegawati 100 umafuna malo oposa mahekitala 100, ndipo hekitala imodzi iposa bwalo la mpila. Malowo amachingidwa ndi waya. Pa mapu a mu ofesi angaoneke ngati thengo lopanda mwini, koma a m'mudzi adziwa kuti ndiko kudyela ng'ombe, ndiko amai atola nkhuni, bowa ndi masuku, ndiko kupita njila yacidule ya kusukulu, ndiko kuli manda. Mawaya akuluakulu naonso ali ndi lamulo lao: pansi pao sipamangidwa nyumba ndipo mitengo itali-itali imadulidwa, mango ndi yonse, pa mtunda wa makilomita mazana.

Kusiyana kwa lelo ndi 1955 ndi kwakuti malamulo alipo. Kuyambila 1997, nchito yaikulu iyenela kuyamba yafufuzidwa mmene idzakhudzila cilengedwe ndi anthu, ndipo omanga ayenela kumva maganizo a okhudzidwa. Lamulo la Environmental Management Act la 2011 linakhazikitsa ZEMA, imene imalandila malipoti amenewa ndi kuitana anthu kuti apeleke ndemanga. Lamulo la malo la 1995 limati malo a mafumu asasinthidwe popanda cilolezo ca mfumu ndi kufunsa amene ali ndi gawo pamalopo. Koma lamulo likhoza kutsatidwa pa pepala, mzimu wa 1955 ukalipo. Msonkhano umodzi pansi pa mtengo, m'Cizungu, anthu n'kulemba maina pa pepala, kujambulidwa cithunzi ndi kupatsidwa zakumwa, pamene mapangano a ndalama anasainidwa kale ndipo mapolo ali pa njila: kumeneko ndi kuuza, monga anacitila ma DC.

Mbili ya Gwembe itipatsa miyeso yosavuta. Woyamba ndi nthawi: kodi anthu afikilidwa pamene malo ndi njila ya mawaya zikali zotheka kusintha? Ngati yankho lao silingasunthe polo ngakhale imodzi, ndiye kuti acedwa nao. Waciwili ndi wakuti ndani ali pa msonkhano. Mafumu a ku Gwembe anavomela, koma amene anaima pa Chisamu anali anthu wamba. Siginecha ya mfumu siilowa m'malo mwa mau a mai wamasiye, a wacinyamata wopanda munda wakewake, kapena a m'busa amene amangopitako ndi ziweto. Wacitatu ndi cilankhulo: mapu ndi ziwelengelo zifotokozedwe m'Citonga, m'Cinyanja, m'Cilenje, m'Cinamwanga, anthu apatsidwe masiku okambilana paokha. Wacinai ndi colowa m'malo. Ndalama zimatha, munda sumatha, conco wotaya munda afunika munda wobala mofanana, wokhala ndi madzi, wokonzedwa iye asanasamuke. Wacisanu ndi phindu: kodi thilansifoma ya mudzi, sukulu ndi cipatala ili m'bajeti kucokela paciyambi? Wotsiliza ndi wakuti malonjezo alembedwe, ndipo padziwike kokadandaula akaphwanyidwa.

Mbali yathu

Ife a m'komboni ndife amene tidzapindula ndi malaiti atsopano, ndipo m'pake kuti tili ndi cangu. Tsiku lina mudzamva pa wailesi kuti anthu a mudzi wakutiwakuti akana kucoka, nchito ya sola yaima. Mtima udzafuna kunena kuti ndi anthu osafuna citukuko. Anthu a ku Chisamu naonso ananenedwa conco. Musanaweluze, funsani kuti anafikilidwa liti, anauzidwa ciani, ndipo adzapita kuti.

Kusafunsidwa ife tikudziwa. Makomboni ambili anayamba ngati malo osavomelezeka, ndipo pali mabanja amene anadzuka m'mawa n'kupeza cizindikilo cofiila pa khoma cifukwa msewu kapena mawaya apita pamenepo. Komanso ambili a ife tili ndi ambuya kumudzi, ku Petauke, ku Katete, ku Mumbwa, ku Serenje, kumene tsiku lina galimoto ya oyeza malo ingaime. Ndife amene tili ndi foni ndi intaneti, ndife owelenga Cizungu. ZEMA ikalengeza kuti lipoti la nchito inayake latuluka ndipo ifuna ndemanga, tingalipeze, tingaliwelenge, tingaimbile foni kumudzi n'kufotokoza zimene zalembedwa pa tsamba lonena za malo ndi malipilo. Ena a inu mudzakhala mainjiniya, oyeza malo, maloya ndi makhansala, ndipo kalendala ya nchito idzakhala m'manja mwanu.

Habanyama ndi anzake analemba mfundo 24 alibe voti, alibe lamulo lowateteza, nkhani ya damu itagamulidwa kale, ndipo zina mwa mfundozo zinadyetsa mabanja. Akanafunsidwa caka cimodzi m'mbuyo, pamene Kafue ndi Kariba zinali kuyelekezedwa, sitidziwa cimene cikanasankhidwa. Cimene tidziwa n'cakuti mtengo wa minda ya jelele ukanalowa m'masamu, ndipo anthu 6,000 a kwa Chipepo sakanadziwa za Lusitu malole ali pafupi kufika.